ZIPATA ZITATU: CHIYANKHULO, BOMA LAKWANU NDI NDALAMA PA KULOŴA MU YUNIVESITE YA MALAŴI MUMZINDA WA BLANTYRE, 1965–2021

1.0 Mawu Otsogolera

Pa 29 Seputembala 1965 ophunzira 90 adayamba maphunziro awo ku Chichiri, pakati pa Blantyre ndi Limbe, m'nyumba zimene zidamangidwira sukulu ya sekondale. Ameneŵa ndiwo adali ophunzira oyamba a Yunivesite ya Malaŵi, imene Nyumba ya Malamulo idaikhazikitsa mu Okutobala 1964, patangopita miyezi itatu dziko litalandira ufulu wodzilamulira. Pa 4 Meyi 2021 yunivesite yomweyo idagaŵidwa patatu, ndipo makoleji ake a mu Blantyre adaima paokha ndi maina atsopano. Zaka za pakati pa masiku aŵiriŵa ndizo tifuna kuziunika m'nkhani ino.

Cholinga chathu si kulemba mbiri yonse ya yunivesite ayi. Tifuna kuyankha funso limodzi lokha: kodi mnyamata kapena mtsikana wofuna kuloŵa pasukuluyi ankayenera kudutsa pazipata ziti, ndipo chiyankhulo chidali ndi gawo lanji pazipatazo? Ife tapezapo zipata zitatu. Choyamba ndi mayeso, amene mtima wake udali Chingerezi. Chachiŵiri ndi boma limene munthu amachokera. Chachitatu ndi ndalama. Chipata cha boma chidakanganidwa m'mabwalo a milandu ndi m'manyuzipepala mpaka chidagwetsedwa. Chipata cha ndalama chidatulutsa ophunzira m'makalasi kukaguba mumsewu. Koma chipata cha Chingerezi chidaima chilili zaka zonsezi popanda mkangano waukulu, chonsecho ndicho chidabweza anthu ambiri kuposa zinzake. Nkhaniyi ikhudza ife akatswiri a ziyankhulo ndi onse okonza ndondomeko za chiyankhulo, chifukwa chimene sichifunsidwa sichikonzedwanso.

2.0 Blantyre Yunivesite Isanabadwe

Tisanafike ku Chichiri, ndi bwino tikumbutsane kuti mzinda wa Blantyre uli ndi mbiri yakale pa ntchito yolemba chiyankhulo chathu. Pamishoni ya Blantyre ndi pamene m'busa David Clement Scott adasonkhanitsira mawu a Chimang'anja m'dikishonale yake ya m'chaka cha 1892, imene Alexander Hetherwick adaikonzanso nkuitulutsa mu 1929. Pamalo pomwepo padatsegulidwa Henry Henderson Institute mu 1909, ndipo mu 1940 sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, idayamba kulandira ophunzira. Zomba Catholic idatsatira mu 1942, ndipo ya Dedza mu 1951.

Komabe aliyense wofuna digiri ankayenera kutuluka m'dziko. Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere adakaphunzira ku Fort Hare ku South Africa. David Rubadiri ndi Kanyama Chiume adapita ku Makerere ku Uganda. Ena adapita ku Salisbury, kukoleji ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland imene idayamba kuphunzitsa mu 1957. Njira yopitira konseku idali mayeso a Cambridge, olembedwa ndi kuchongedwa m'Chingerezi. Motero pofika 1964 maganizo adali atakhazikika kale m'mitima ya anthu kuti Chinyanja ndi cha kutchalitchi, kumsika ndi makalasi oyambirira, pamene maphunziro apamwamba ndi Chingerezi ndi chinthu chimodzi. Yunivesite yatsopanoyo sidayambitse maganizoŵa. Idawapeza, ndipo idawalandira monga momwe mwana alandirira dzina la kumtundu.

3.0 Zaka za Blantyre: 1965–1973

Anthu ambiri amaiŵala kuti pa zaka zisanu ndi zitatu zoyambirira Yunivesite ya Malaŵi idali kwenikweni sukulu ya mu Blantyre. Mu 1967 makoleji adakwana asanu, ndipo anayi mwa iwo adali mumzindawu kapena m'mphepete mwake. Chancellor College idali ku Chichiri. Polytechnic, imene idamangidwa ndi chithandizo cha dziko la America, idali pafupi ndi Ginnery Corner, ndipo inkaphunzitsa za umisiri ndi za malonda. Soche Hill College, cha ku Limbe, inkasula aphunzitsi a kusekondale. Ku Mpemba, panjira ya ku Chikwawa, kudali koleji ya malamulo ndi kayendetsedwe ka boma. Bunda yokha, koleji ya zaulimi, ndiyo idali kutali ku Lilongwe. Mkulu wa yunivesite mwaulemu adali Dr. H. Kamuzu Banda, ndipo woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku woyamba adali Dr. Ian Michael wa ku Britain. Aphunzitsi ochuluka adali ochokera kunja, makamaka ku Britain ndi ku America, kotero kuti m'kalasi Chingerezi sichidali lamulo chabe, koma njira yokhayo yomvanirana.

Pa nthaŵi imeneyo chipata cha ndalama kudalibe. Wosankhidwa ankapatsidwa malo ogona, chakudya ndi kandalama ka m'thumba, zonse zolipiridwa ndi boma. Mwana wa mlimi wa ku Neno ndi mwana wa kalaliki wa ku Limbe ankadya chakudya chimodzi ndi kugona m'chipinda chimodzi. Dziko linkasoŵa aphunzitsi, maloya ndi akuluakulu a m'maofesi oloŵa m'malo mwa azungu, ndipo linkaona kuti kulipirira ophunzira ochepaŵa ndi kubzala mbewu.

Mu Seputembala 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chicheŵa, chikhale chiyankhulo cha fuko, ndiponso kuti Chicheŵa ndi Chingerezi zikhale ziyankhulo zoyendetsera boma. Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Panali chifukwa cha chiŵerengero: kalembera wa 1966 adaonetsa kuti theka la anthu linkayankhula Chinyanja pakhomo, ndipo anthu oposa 76 pa 100 alionse ankachimva. Bungwe la Chicheŵa lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo a kalembedwe adatuluka mu 1973. Koma tikayang'ana ku Chichiri, ku Soche ndi ku Mpemba, chigamulo cha 1968 sichidasinthe zofunika pa kuloŵa, kaphunzitsidwe kapena mayeso. Chiyankhulo cha fuko chidafika pawailesi ndi m'makalasi anayi oyambirira a kupulayimale, koma pakhomo la yunivesite chidaima kunja.

Ophunzira ena adaliona vutoli. Mu 1970 gulu la alembi lidayamba kukumana ku Chancellor College, ndipo mwa anthu ake mudali Jack Mapanje, amene adayamba waphunzira ku Soche Hill, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula. Ambiri ankalemba m'Chingerezi, koma zipangizo zawo zidali miyambi, zilapi ndi nthano za kumudzi, zimene zinkawathandizanso kuphimba tanthauzo pamaso pa bungwe lounika mabuku limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Magazini ya Odi inkasindikiza zolemba m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi momwe. Apa ndi pamene tionera koyamba chinthu chimene chidzaonekanso m'tsogolo muno: Chicheŵa chinkaloŵa m'yunivesite osati pachipata, koma m'mitu ya ophunzira.

Mu 1973 Chancellor College idasamukira ku Chirunga ku Zomba, ndipo Soche Hill ndi Mpemba zidaphatikizidwa kwa iyo. Kusamukaku kudali ndi zotsatira zimene sizitchulidwa kaŵirikaŵiri. Dipatimenti ya Chicheŵa ndi Sayansi ya Ziyankhulo, imene akatswiri monga Sam Mchombo, Al Mtenje, Francis Moto ndi Pascal Kishindo adagwiramo ntchito, idakulira ku Zomba. Mu Blantyre mudatsala maphunziro a umisiri ndi malonda, ndipo pambuyo pake mudabwera a unamwino, a udokotala ndi a utolankhani. Tinganene kuti kuphunzira za chiyankhulo cha anthu kudapita mbali ina, ndipo kusula anthu okatumikira eni chiyankhulocho kudatsala mbali ina.

4.0 Chipata Choyamba: Mayeso ndi Chingerezi

Mayeso a Cambridge atasiyidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, m'malo mwake mudabwera mayeso a dziko lino a Fomu 4, amene pambuyo pake adadziŵika ndi dzina loti MSCE, ndipo kuyambira 1987 adakhala m'manja mwa bungwe la MANEB. Kachongedwe kake ndi ka manambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndi kupambana kwapamwamba. 3 mpaka 6 ndi kirediti. 7 ndi 8 ndi kungokhoza. 9 ndi kulephera. Wofuna malo kuyunivesite ankayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa iwo lidayenera kukhala la Chingerezi. Chicheŵa chinkatha kuŵerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodziwo, koma sichidali chokakamiza. Chiyankhulo chotchulidwa ndi dzina pachipata chidali chimodzi basi.

Tiyenera kumvetsa kuti Chingerezi chinkayesedwa kaŵiri. Koyamba chinkayesedwa monga phunziro palokha. Kachiŵiri chinkayesedwa mobisika m'maphunziro ena onse, popeza mafunso a masamu, sayansi, mbiri ndi zaulimi ankafunsidwa ndi kuyankhidwa m'Chingerezi. Mwana amene walephera funso la sayansi mwina sadziŵa sayansiyo, mwinanso sadamve funso. Malikisi sasiyanitsa ziŵirizi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 yunivesite idaonjezerapo mayeso akeake oloŵera, okhala ndi gawo la luso la chiyankhulo, la manambala ndi la kaganizidwe. Ndipo chiyankhulo chake chidali Chingerezi chomwecho. Mayesoŵa adatha pamene ntchito yosankha ophunzira idayamba kuyendetsedwa pamodzi kudzera ku bungwe la National Council for Higher Education, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, koma kirediti ya Chingerezi idatsala pamalo pake.

Tsono tiyerekeze zimenezi ndi momwe anthu amayankhulira. Kalembera wa 1998 adapeza kuti anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse ankagwiritsa ntchito Chicheŵa kapena Chinyanja pakhomo, pafupifupi 10 Chiyao, ndipo ena pafupifupi 10 Chitumbuka. Ogwiritsa ntchito Chingerezi pakhomo sadakwane ndi munthu mmodzi yemwe pa 100 alionse. Ndiye kuti kwa mwana wamba Chingerezi chidali ndi gwero limodzi lokha, ndilo sukulu. Ubwino wa sukulu ndiwo unkalamula ubwino wa Chingerezi chake, ndipo Chingerezicho ndicho chinkalamula ngati adzaona khomo la Polytechnic.

Chitsanzo cha maganizo a atsogoleri pa nkhaniyi ndi Kamuzu Academy, imene idatsegulidwa ku Mtunthama ku Kasungu mu 1981. Dr. Banda, amene ali ku Chicago adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chicheŵa ya 1937, ndiponso amene ankadzudzula poyera oyankhula Chicheŵa chopotoka, adamanga sukulu yophunzitsa Chilatini ndi Chigiriki koma yopanda phunziro la Chicheŵa. Uthenga wake kwa makolo udamveka bwino kuposa zigamulo zonse za pamsonkhano wa 1968.

5.0 Chipata Chachiŵiri: Boma Lakwanu

Mu 1987 boma lidalamula kuti malo a kuyunivesite azigaŵidwa motsata maboma. Chifukwa chimene chinkaperekedwa chidali chakuti ophunzira a m'chigawo cha kumpoto, kumene kumakhala anthu apakati pa 11 ndi 13 pa 100 alionse a m'dziko muno, ankatenga malo ochuluka kuposa chiŵerengero chawo. Gwero la kusiyanaku lidali mbiri ya sukulu za mishoni ya Livingstonia, imene kuyambira m'masiku a Dr. Robert Laws idalimbikira maphunziro apamwamba ndi Chingerezi. Mu 1989 padabwera lamulo lina lakuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo. Mu 1993 ophunzira anayi adakadandaula ku Bwalo Lalikulu la Milandu, ndipo bwalolo lidagamula kuti kasankhidwe kotsata maboma kadali ka tsankho. Njirayi idabwereranso mu 2009 mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, pamene boma lililonse lidapatsidwa malo khumi otsimikizika, ndipo idathetsedwa mu Febuluwale 2020.

Kwa ife pali mfundo ziŵiri. Yoyamba ndi yakuti mkanganowu, ngakhale unkatchula maboma, m'makutu mwa anthu unkamveka ngati wa mitundu ndi ziyankhulo. Mwana wa ku Rumphi adali ataona kale chiyankhulo chake chikuchotsedwa m'kalasi mu 1968. Adaphunzira makalasi oyambirira m'Chicheŵa, chimene kwa iye chidali chachiŵiri. Adalimbana ndi Chingerezi monga chachitatu. Ndipo atapambana adauzidwa kuti kwawo malo adzaza. N'zosadabwitsa kuti ambiri adaona ndondomeko ya chiyankhulo ndi ndondomeko ya malo ngati nkhonya ziŵiri za munthu mmodzi. Mbali inayi, makolo a m'maboma amene sukulu zidachedwa kufika, monga a m'mbali mwa nyanja kummwera ndi a m'chigwa cha Shire, adali ndi dandaulo loona lakuti ana awo ankapikisana pa liŵiro limene anzawo adayamba kale kuthamanga.

Mfundo yachiŵiri ndi ya mumzinda. Blantyre ndi mudzi wa alendo. Mwana wobadwira ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni angathe kukhala wa makolo a ku Mulanje, ku Mangochi kapena ku Karonga, koma iye chiyankhulo chake ndi Chicheŵa cha m'tauni, ndipo mwina kumudzi adangopitako pamaliro. Pafomu ankafunsidwa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lakwawo. Ana aŵiri a kalasi imodzi ku Chichiri, oyankhula mofanana ndi okhoza mofanana, ankatha kuona zosiyana chifukwa cha kumene agogo awo adabadwira. Pomwepo mwana wa kusekondale yolipira ya ku Namiwawa ndi mwana wa kusekondale yoyendera ya kumudzi, ngati makolo awo adali a boma limodzi, ankaikidwa pamzere umodzi ngati kuti mwayi wawo udali wofanana. Kugaŵa malo motsata maboma kunkayesa kukonza kusiyana kwa pamapu, koma kusiyana kwenikweni kudali kwa sukulu, kwa mabuku ndi kwa aphunzitsi a Chingerezi, ndipo kumeneko sikudakhudzidwe.

6.0 Chipata Chachitatu: Ndalama

Maphunziro aulere adayamba kutha m'katikati mwa zaka za m'ma 1980, pamene chuma chidavuta ndipo mabungwe obwereketsa ndalama monga World Bank ankalimbikitsa kuti ophunzira azisonkhako. Poyamba choperekacho chidali chochepa. Pofika chaka cha 2000 chidali K1,500 pachaka. Pamene kudalengezedwa kuti chikwera kufika K46,000, ophunzira adachita zionetsero, ndipo mu 2001 chidakhazikika pa K25,000. Pambuyo pake chidafika K55,000. Mu 2016 khonsolo ya yunivesite idalengeza fizi yoyambira K400,000. Ophunzira a ku Polytechnic ndi makoleji ena adatulukanso mumsewu, maphunziro adaima kwa kanthaŵi, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adalamula kuti ichotsedweko K50,000. Manambalaŵa sitingawayerekeze mwachindunji chifukwa kwacha idagwa mphamvu kangapo m'zakazi, komabe njira yake ikuoneka: katundu adachoka paphewa la boma nkutsamira pabanja. Mu 2015 padakhazikitsidwa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osoŵa, la Higher Education Students' Loans and Grants Board.

Kusintha kwina kudadza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene yunivesite idayamba kulandira ophunzira odzilipirira okha ndi ogona kunja kwa sukulu. Chiŵerengero chidakwera, koma zipinda zogona sizidakwere nacho. Ophunzira a ku Polytechnic ndi a ku College of Medicine, imene idatsegulidwa mu 1991, adayamba kuchita lendi ku Chitawira, ku Naperi, ku Nkolokosa, ku Zingwangwa ndi ku Ndirande, kudziphikira okha ndi kukwera minibasi kapena kuyenda pansi m'maŵa uliwonse. Wophunzira wa 1967 adali mlendo wa boma; wophunzira wa 2017 adali mlendi wa mwini nyumba.

Chimene tifuna kutsindika ndi chakuti ndalama sizidayambe kugwira ntchito pa tsiku lolipira fizi. Maphunziro a kupulayimale atakhala aulere mu 1994, ophunzira adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo makalasi adasefukira. Makolo opeza bwino a mumzinda adathamangira kusukulu zolipira zophunzitsa m'Chingerezi kuyambira kumkaka. Mu Malichi 1996 Unduna wa Zamaphunziro udalamula kuti makalasi anayi oyambirira aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha m'deralo, koma mabuku ndi aphunzitsi okonzekera sadatsatire mokwanira. Lamulo la maphunziro la 2013 lidabwezera Chingerezi pampando, ndipo mu 2014 kudalengezedwa kuti chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. M'kusinthasintha konseku mwana wa munthu wachuma sadagwedezeke, chifukwa Chingerezi chake chidali chogula. Motero chipata chachitatu ndi choyamba zidalumikizana: ndalama zinkagula Chingerezi, ndipo Chingerezi chinkagula malo.

7.0 M'kati mwa Mpanda

Wophunzira akadutsa pazipata zitatuzi ankapeza chodabwitsa. Chingerezi chidali cha m'kalasi, cha m'laibulale, cha pamayeso ndi cha makalata opita kwa akuluakulu. Koma m'chipinda chogona, pamzere wa chakudya, pabwalo la mpira, m'minibasi ya ku Limbe ndi m'mapemphero ambiri a madzulo, chinkalamula ndi Chicheŵa, ndipo pambali pake Chitumbuka, Chiyao ndi zina pakati pa anthu akumudzi kumodzi. Ngakhale pokambirana za phunziro lovuta usiku woti maŵa ndi mayeso, mawu a sayansi ankakhala a Chingerezi koma msana wa chiganizo udali wa Chicheŵa. Kafukufuku wa Edrinnie Kayambazinthu pa kagwiritsidwe ntchito ka ziyankhulo m'dziko muno, ndi zolemba za Francis Moto pa chiyankhulo chatsopano cha achinyamata, zikuthandiza kumvetsa khalidwe limeneli.

Moyo wa pasukulu udabala mawu akeake. Taonani ziganizo izi:

(1) Mesho wanga ali ndi masapu aŵiri.
(2) Mayaro afika koma loni sinatuluke.
(3) Makonti adzaza kukafu.

Mesho ndi mnzako wogona naye chipinda chimodzi. Sapu ndi mayeso obwereza kwa amene walephera pang'ono. Yaro ndi wa chaka choyamba. Konti ndi wopitiriza. Loni ndi ngongole ya sukulu. Kafu ndi chipinda chodyera. Ambiri mwa mawuŵa adafupikitsidwa kuchokera ku Chingerezi, koma onse amathera ndi lembo la liwu monga mwa chikhalidwe cha Chicheŵa, ndipo onse apeza gulu la maina. Sapu, yaro ndi konti amachulukitsidwa ndi mphatikiri ma-. Loni imatenga agwirizanitsi a gulu la I-Zi. Mesho amatenga a gulu la anthu. Palibe bungwe lidakhala pansi kuvomereza mawuŵa. Pamene Bungwe la Chicheŵa linkalimbana ndi kuyeretsa chiyankhulo pawailesi, ophunzira ankaonetsa tsiku ndi tsiku kuti Chicheŵa chingathe kumeza chilichonse chimene moyo watsopano wabweretsa.

Pa nthaŵi za mavuto a dziko, ziyankhulo za anthu zidaonetsanso mphamvu. Kalata ya maepisikopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 idaŵerengedwa m'matchalitchi m'Chicheŵa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, ndipo ophunzira a ku Chancellor College ndi a ku Polytechnic adaguba poivomereza. Mu Meyi chaka chomwecho sitalaka ya ogwira ntchito pafakitale ya nsalu ya David Whitehead idafalikira mu Blantyre ndi Limbe. Ophunzira ndi anthu a m'mafakitale adamvana chifukwa adali ndi chiyankhulo chimodzi cha mumsewu, osati chifukwa cha digiri.

Koma pamene kusiyana kwa chiyankhulo cha m'kalasi ndi cha anthu kumapweteka kwambiri ndi pantchito. Wophunzira udokotala amaŵerenga ndi kuyesedwa m'Chingerezi, kenaka amaoloka kupita kuchipatala cha Queen Elizabeth kukafunsa mayi wa ku Chiradzulu kapena bambo wa ku Nsanje za matenda awo. Mayiyo akati mtima ukundithamanga, kapena m'thupi mukuyendayenda zinthu, kapena akatchula za kumaso mozungulira chifukwa cha ulemu, dokotala wachinyamatayo amayenera kumasulira yekha. Gregory Kamwendo adafufuza vuto lotere pachipatala chachikulu cha ku Mzuzu, ndipo adaonetsa kuti chiyankhulo ndi mbali ya chithandizo chenichenicho. N'chimodzimodzi mtolankhani wosulidwa m'Chingerezi amene akaŵerenge nkhani m'Chicheŵa pawailesi, ndi injiniya amene akalangize amisiri pamalo omanga. Luso limene ntchito idzafuna tsiku lililonse ndi lomwe silidafunsidwe pachipata.

8.0 Mawu Omaliza

Mu 2021 Polytechnic idasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences. College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Ndipo dzina la Yunivesite ya Malaŵi lidatsalira ku Zomba, kumene kulinso Centre for Language Studies, imene idaloŵa m'malo mwa Bungwe la Chicheŵa mu 1996 nkutulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Kugaŵanaku kudamaliza chimene kusamuka kwa 1973 kudayamba: akatswiri a ziyankhulo ndi sukulu za ntchito za mu Blantyre adakhala m'mayunivesite osiyana.

Sitikunena kuti Chingerezi chichotsedwe. Mabuku a umisiri ndi a zachipatala ali m'Chingerezi, ndipo wophunzira wosachidziŵa tingamutsekere dziko. Chimene mbiriyi ikutiphunzitsa ndi chakuti kirediti ya Chingerezi si sikelo yosakondera monga momwe ambiri amaganizira. Imayeza nzeru pamodzi ndi thumba la kholo ndi mtundu wa sukulu. Choncho tikupempha okonza ndondomeko kuti aganizire zinthu zitatu. Choyamba, pakhale kafukufuku woona kuti ndi ophunzira angati amakhoza bwino masamu ndi sayansi koma nkugwa pa Chingerezi chokha, ndipo amachokera kusukulu ziti. Oterowo angathandizidwe ndi chaka chokonzekera m'malo motayidwa. Chachiŵiri, maphunziro a udokotala, unamwino, utolankhani ndi umisiri akhale ndi phunziro loyesedwa la kagwiritsidwe ntchito ka Chicheŵa ndi ziyankhulo zina za m'dziko muno pa ntchitozo. Chachitatu, ntchito yosonkhanitsa mawu a maluso ichitikire limodzi ndi ophunzira a m'mawodi, m'malabu ndi m'mashopu a umisiri, popeza kumeneko ndi kumene mawuwo akubadwira kale.

Za maboma tidakangana zaka zoposa 30, ndipo za fizi takhala tikukangana chiyambire zaka za m'ma 1980. Za chipata choyamba mkangano sunayambe n'komwe, ndipo oyenera kuuyambitsa ndife.